Bulangete la Denga

Nyumba imene mng'ono wanga ndi mwamuna wake anagula ku Nyambadwe inali yakale kwambiri, ndipo tsiku loyamba kuiona ndinasangalala. Ndinene zoona, ndinasangalala chifukwa inali yoipa. Makoma anali ndi ming'alu, siling'i inali italendewera ngati mimba ya mbuzi ya bere, ndipo m'denga munkanunkha mileme. Pakamwa ndinati Mulungu wawadalitsa, koma m'minibasi pobwerera kwathu ku Nancholi mtima wanga unali m'malo. Ine ndine woyamba kubadwa. Kwa zaka zambiri wokhala ndi nyumba yakeyake ndinali ine, iye akuchita lendi, ndipo ndinkafuna kuti zipitirire choncho.

Amayi ankakhala ndi ine. Bambo atamwalira panalibe wofunsa kuti amayi apita kwa ndani. Kwathu mayi amakalambira kwa mwana wamkazi, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinkadandaula ndithu za mankhwala awo ndi ndiwo zawo zosathira mchere, koma kutchalitchi anthu akati ndikapereke moni kwa amayi ndinkamva kukoma. Mng'ono wanga anali ndi galimoto, ine ndinali ndi amayi.

Vuto linali denga. Nyumba yanga ndi ya malata opanda siling'i, ndipo chipinda cha amayi chinali mbali yolowera dzuwa. Okutobala akafika, masana ankatuluka ndi mkeka kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, miyendo itatupa, akudzikupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Nthawi ya chiperoni malata omwewo ankadontheza mame pabedi pawo. Iwo sankadandaula, ndiye ine ndinkati zili bwino.

Loweruka lina mng'ono wanga anandipempha kuti ndimuperekeze ku Limbe kukagula zipangizo zokonzera nyumba ija. Ndinkayesa kuti ndi simenti ndi misomali. M'sitolo ya hadiweya anatitulutsira mipukutu ikuluikulu yonyezimira ngati mkati mwa paketi ya tiyi, yofewa ukaidina ndi chala. Wogulitsa atatchula mtengo wa yonse, ine ndinayang'ana kukhomo poyesa kuti tituluka. Zinali ndalama zoposa malipiro anga a miyezi itatu kuofesi. Mng'ono wanga sananenerere n'komwe.

"Zimenezi ndi zachiyani?" ndinamufunsa.

"Zoyala kunsi kwa malata, achemwali. Kutentha kusalowe, kuzizira kusalowenso. Amisiri amangoti bulangete la denga."

"Bulangete? Nyumba ifunde bulangete pamene anthu akugona ndi zitenje?"

"Si zofuna ife ayi. Wojambula pulani analembapo, a kukhonsolo anadinda. Akadzabwera kudzayendera n'kupeza kuti tadumpha zimene zili papulani, akhoza kutiuza kuti tisasule denga lonse. Ndiye tiluze kawiri?"

Ndinaseka mokweza kuti wogulitsa uja amve. Koma m'kati ngakhale lamulo lomwelo linandipweteka. Yanga nyumba tinamanga pang'onopang'ono, njerwa chaka chino, malata chaka chamawa, ndipo palibe anatifunsa ngati denga lathu lafunda. Ndinkaona ngati mng'ono wanga wakwera mpaka pamene malamulo amamudziwa, ine ndatsala pamene sandiona. Munthu kuchitira nsanje mnzako chifukwa chovutitsidwa ndi mapepala, taganizani.

Mawu akuti bulangete ndinawatola ngati ndalama yogwa pamsewu. Ndinakawauza anzanga kuofesi, ndinakawauza azimayi akutchalitchi, ndinati ku Nyambadwe nyumba zimadwala chimfine. Anthu ankaseka, ine n'kumakhuta.

Denga lawo litatha, mipukutu iwiri inatsala. Mng'ono wanga ndi alamu anabwera nayo pagalimoto Lamlungu masana titangochoka kutchalitchi, aneba onse ali panja. Anaitsitsa pabwalo ikung'anima padzuwa, anthu n'kuyamba kusuzumira pampanda.

"Achemwali, izi zatsala," anatero mng'ono wanga. "Zikwana chipinda cha amayi. Kalipentala wathu abwera kudzaika pamodzi ndi siling'i, inu musavutike ndi kanthu."

Iye anati zatsala. Khutu langa linamva kuti makombo.

"Ndiye mwadya mwakhuta, makombo mwati mukataye ku Nancholi?" ndinayankha. "Amayi akhala pano zaka zonsezi, sanafe. Bwererani nalo bulangete lanulo. Nyumba yanga siidwala."

Alamu anakanda m'mutu n'kuyamba kukwezanso mipukutu ija. Amayi anali pamkeka pansi pa mtengo wawo uja. Anangoitsatira galimoto ndi maso mpaka inakhota. Ine ndinalowa m'nyumba ndikudzimva kuti ndapambana, ndipo thukuta linali chuchuchu kumsana.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linabwera ngati lili ndi mlandu ndi ife. Tsiku lina masana amayi anachita chizungulire akuchokera kubafa, nagwa pakhomo. Kuchipatala anatiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo asamakhale malo otentha. Mng'ono wanga anapempha mwaulemu kuti akakhale kwa iye sabata imodzi yokha. Ndikanakana bwanji? Ndinawalongedzera zovala zochepa dala.

Loweruka ndinapita kukawaona. Ndinatsika minibasi dzuwa lili paliwombo, ndinakwera kamtunda kaja ndikupuma ngati galu. Nditalowa m'nyumba ndinaima. Munali mozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna fani kuti ndinene kuti ndi magetsi chabe, koma fani munalibe. Ndinayang'ana siling'i kufuna pokhota, ndinapeza paliponse pali bwino. Sindinakondwe ngakhale pang'ono. Amayi ndinawapeza ali mtulo pabedi masana enieni, chinthu chimene kwanga sanachitepo, ndipo miyendo yawo inali itaphwa.

"Kuno ndikugona, mwana wanga," anatero atadzuka.

"Mubwera liti kunyumba?"

"Mvula ikagwa."

Mvula inagwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba chinamera mpaka kufika m'mawondo, amayi osabwera. Kutchalitchi mafunso anasintha. Azimayi omwe aja amene ankaseka za chimfine anayamba kundifunsa kuti amayi ali bwanji ku Nyambadwe. Funso limenelo linkandibaya kuposa mwano.

Pamapeto pake ndinapita ku Limbe ndekha, osauza munthu. Ndinalowa sitolo ina kuti wogulitsa uja asandizindikire, ndipo dzina lenileni la chinthucho sindinkalidziwa. Ndinazungulirazungulira mpaka ndinangoti, "Muli ndi bulangete la denga?" Mawu amene ndinasekera anthu aja anatuluka m'kamwa mwanga momwemo. Mtengo unali utakwera. Ndinagula mipukutu iwiri, ndinagula mabolodi a siling'i, ndinalipira kalipentala, zonse zimene ndinazikana zili zaulere pabwalo panga tsiku lija. Ntchito inatha masiku atatu.

Ndinapita kukawauza amayi nditavala chitenje chatsopano. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, mng'ono wanga ali kuntchito.

"Amayi, chipinda chanu ndakonza. Siling'i ndaika, ndi lija ndaikanso. Simutenthanso."

"Wachita bwino," anatero. Anapitiriza kusankha nyemba kwa kanthawi. "Koma limene unalibweza lija silinali lomweli?"

Ndinakonzakonza chitenje changa chatsopano chija.

"Tsiku lija ndinali pamkeka pomwepo. Unafunsa mkwiyo wako, ine sunandifunse," anatero mofatsa, osandiyang'ana. "Pano mafupa akana zosamukasamuka. Uzibwera kudzandiona, minibasi zilipo."

Ndimapitadi, Loweruka lililonse, nditanyamula mapeyala a mumtengo wawo uja. Mng'ono wanga amandilandira bwino, ndipo za makombo sanazitchulepo, zimene zimandipsetsa mtima kwambiri kuposa akanazitchula. Nsanje sinathe. Ndikamuona akuwathira amayi tiyi m'kapu imene ndinawagulira ine, ndimayang'ana kumbali.

Chipinda chija ndicho chozizira bwino m'nyumba yanga yonse. Bedi lawo lidakali momwemo, loyala. Pansi ndimasungapo tomato ndi mbatata, ndipo siziwola msanga.