Chisoti Chofiira cha Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Moto wa pasiwa unali utatsala makala okha, ndipo ogona pamaliro anali owerengeka. Sindinadabwe. Malemu achimwene anali sipayi, msilikali wa Apwitikizi, ku posito ya boma ya Chifunde, ndipo ntchito yawo inali yogwira amuna opita ku chibalo, ambiri a iwo anzathu okulira limodzi.

Anthu ankangoona chisoti chofiira. Ine ndinkaona munthu wosagona tulo, wowonda, womanga mutu ndi luzi chifukwa cha litsipa. Akabweretsa amuna ochepa, shefi wa posito ankawamenya m'manja ndi mbalamatodya, kathabwa kamabowo, omangidwawo akuona. Akabweretsa okwanira, kumudzi kunalibe woyankha moni wawo. Kusiya ntchito kunali kudzipereka okha ku chibalo. Anagwa panjira ya ku Mwaladzi chingwe chili m'manja, osadzukanso.

Kunacha ndi chifunga komanso kamphepo kozizira. Azimayi anasonkha moto, anthu n'kuyamba kufika, ena kudzalira, ena kudzatsimikiza kuti apitadi. Adzukulu anakumba manda. Awiri mwa iwo anali ndi zipsera za chingwe cha achimwene.

Alamu anga, akazi a malemuwo, anapinda zovala za ntchito ndi chisoti n'kuziika pambali pa mtembo. Kwathu munthu amapita ndi zake, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti zimenezo zikwiriridwe. Pabanja pathu wodziwa Chipwitikizi wotsala ndinali ine, choncho ndinkaopa kuti ntchitoyo igwera ine.

Tili pafupi kunyamula maliro, panafika sipayi wina pa njinga. Anagwada, analira ndithu, kenako anaitanira pambali ine ndi amalume.

"Pepani, zovalazo n'za boma, sizilowa m'manda," anatero. "Ashefi akuti inu ang'ono awo mubwere mutazivala Lolemba. Mukakana, wodzakumangani ndine. Chonde musandichititse zimenezo."

Zovalazo alamu anazichotsa okha pamphasa. Tinapita kumanda, nyimbo zikuimbidwa mokoka, ndipo achimwene anatsika opanda kanthu. Pobwerera ndinaona kuti anthu ayamba kale kundipatukira panjira.

Madzulo m'nyumba munali zii. Zovala zija zinali pampando. Ndinachita mantha, ndipo ndinawakwiyira achimwene chifukwa chondisiyira zimenezi. Ndinanyamula chisoti ndikupemphera kuti chindithine, kuti ndikapezeko chonena kwa shefi. Chinandikwana bwinobwino.