Wotchi ya Golden

Achimwene anga a Geresomo anali munthu womira. Kwathu kuno kwa Tengani, ukonde ukakodwa pa chitsa pansi pa Shire, ankaitana iwo. Bwato likagubuduka, munthu n'kumira, ankaitananso iwo omwewo. Ankavula malaya, kupemphera pang'ono, n'kulowa. Madzi a Shire ndi phala lamatope, dzanja lako lomwe suliona, ndiye ankafufuza ndi manja ngati wakhungu. Mabanja ambiri kuno anaika maliro a abale awo chifukwa cha manja amenewo, koma eni ake anakalamba ndi malaya amodzimodzi.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi, Golden. Ameneyu nsomba ankazikonda zili m'mbale basi. Atangomera ndevu anathawira ku Joni, ndipo bambo ake ankangoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko anagwira ntchito ya m'munda wamaluwa kwa mzungu wina wokalamba. Mzunguyo atamwalira, mkazi wake anamupatsa Golden wotchi ya malemuwo.

Anabwera nayo kumudzi chaka chija cha namondwe wa Freddy. Chiwotchi chake cholemera ngati mwala wa ukonde! Dzuwa lathu lino, iye ankapinda mkono umodzi wokha wa malaya kuti tonse tiione.

"Baba, iyi ndi ya anthu omira ngati imwe," anatero. "Onani apa alembapa: mamita wani sauzande. Madzi nkhabe kulowa. Siifuna batire, imadya kugwedezeka kwa mkono. Ndipo mumdima imawala."

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Iwe mwana, mamita onsewo ukafunako chiyani? Mzungu wakoyo anafikako?"

"Azakhali, iwo ankangosamba nayo m'bafa," anayankha akuseka. "Ngakhale omira enieni safika kumeneko. Nambalayo njoti ogula akopeke."

Tinaseka tonse, kupatula achimwene. Iwo anaifumbata m'manja mwawo, n'kusuzumira pakati pa zala. Mumdimamo anaona timivi take tikuwala mobiriwira.

Madzi atabwera, Golden anakwera bwato kukatenga amayi ake, a Emelia, amene anatsekeredwa ku dimba tsidya lina. Kupalasa mnyamatayo anali ataiwala. Mlamu wangayo anapulumutsidwa ndi anthu ena, koma bwato la Golden linagunda mtengo n'kutembenuka anthu akuona, iye osavuukanso. Pamalopo, madzi akakhala pa mtendere, nsungwi yaitali imagunda pansi.

Achimwene anayamba kumira madzi asanaphwe n'komwe. Anthu anawagwira, iwo anawakankha. Ankalowa, kuvuuka, kusanza matope, kulowanso. Ndipo anasiya njira yawo yakale yofufuza ndi manja. Tsopano ankatsegula maso m'matopemo, kufunafuna kuwala kobiriwira.

"Inawala m'manja mwanga, Filomena," ankandiuza. "Mwananga ali ndi nyali pa mkono. Ndimuona."

Mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu anawafotokozera mwaulemu kuti kuwala kuja kumachokera ku dzuwa, ndipo wotchi ikakhalitsa mumdima kumazima. M'mawa mwake achimwene anabwereranso kumadzi.

Mwambo wathu ndi woti mtembo ukasowa, timaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe, anthu amete, ofedwa ayambenso kukhala ngati anthu. Akuluakulu anabwera kudzanena zimenezi. Achimwene anakana.

"Nkhabe! Ine ndavuula ana a eni ake moyo wanga wonse. Wanga yekha ndikwirire nthochi?"

Masabata anapita. Maso awo anafiira ngati tsabola, m'makutu munayamba kutuluka mafinya, kenako magazi. Mlamu wanga analira mpaka mawu anatha. Ine ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinafika powabisira nkhafi. Ndinena mosabisa, wotchi ija ndinaida ndi mtima wanga wonse, pamodzi ndi amene analemba nambala ija. Pomaliza chifuwa ndi chimene chinawagoneka pa mphasa, ndipo thunthu la nthochi tinaliika iwo ali gone. Sanapite kumanda. Atadzuka, makutu onse awiri anali atagontha.

Chilimwe chitafika, madzi ataphwa, msodzi wina wa kumunsi dzina lake Rodgers anabwera pa njinga. Anagwada pakhomo, n'kumasula kansanza. Anati anaikoka ndi ukonde m'bango. Inali wotchi ija, yokhayokha, lamba wake wachitsulo ali chitsekere monga momwe mwini wake anamangira. Palibe anafunsa kuti mkono unatulukamo bwanji. Tonse kuno ng'ona timazidziwa.

Achimwene anaipukuta ndi chala. Galasi linali loyera mbee, mkati mopanda ngakhale dontho limodzi. Apa ndiye opanga aja sananame. Miyezi yonseyo m'matope, chitsulo chawo chinatuluka chilibe banga, ndipo ife tinalibe ngakhale fupa loti tikaike pambali pa nthochi ija.

Timivi tinali titaima. Achimwene anakumbukira mawu a mwana wawo, n'kuigwedeza. Kamuvi kakang'ono kanayamba kuyenda.

Masiku ano samiranso. Ukonde ukakodwa, eni ake amangoudula. Iwo amakhala pansi pa mtengo wa masau, wotchi ili m'manja, chifukwa kuivala amakana. Ikafuna kuima amaigwedeza. Ine ndikamadutsa ndi dengu langa la nsomba popita kumsika, amandikodola. Amayamba aiika pa khutu lawo, ili kenako linalo, ngakhale akudziwa kuti samva kanthu. Ndiye amaiika pa khutu langa, maso ali pakamwa panga.

"Filomena, akupuma?"

Ndimagwedeza mutu kuti inde.