Kachitsulo m'Diso la Mmisiri

Mmisiri anawotcherera zitsulo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mageti ambiri a mumsewu wawo anatuluka m'manja mwake. Anali munthu wa diso. Akangoyang'ana khomo kamodzi, tepi ankaitulutsa pongofuna kusangalatsa mwini nyumba. Magalasi oteteza maso anali nawo ndithu, koma ankakhalira pamsomali, poti amisiri a mtundu wake amati magalasi ndi a ophunzira kumene ntchito. Kachitsulo kakathethekera m'diso kuchokera pa gilayinda, makina operera zitsulo, ankangoyandikitsa maginito a sipika yakale, n'kupitiriza ntchito misozi ili chuchuchu.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina akumangirira thanki ya madzi pamwamba, makwerero anaterereka, iye n'kugwa chagada, nkhongo pasimenti. Anatsitsimukira kuchipatala. Anamujambula mutu, dokotala n'kunena kuti fupa silinasweke, magazi sanatayikire mkati, apite akapume.

Kunja anachiradi, ngakhale chipsera sichinatsale. Koma amene anabwerera kushedi yowotcherera anali munthu wina. Ankayeza, pofika pa chitsulo nambala yathawa. Geti limodzi analidula katatu, katatu konse lalifupi. Kulira kwa gilayinda kunkamubaya m'mutu, kuwala kwa moto kunkamuchititsa chizungulire, ndipo ana ake akamaseka ankawakalipira, kenako n'kudzida yekha. Makasitomala anayamba kumudutsa chapatali. Mapeto ake ankangobindikira m'chipinda, makatani otseka, manja lende, kumvetsera mkazi wake akupalasa makina osokera kuti ana adye.

Mchimwene wa mkaziyo ankabwera Loweruka lililonse, ndipo pakamwa sankasiya kwawo. "Alamu, chithunzi sichinama," ankatero. "Wodwala amaoneka. Inu mukungonenepa."

Mawu a alamu sankamupweteka kwenikweni. Chinamuwawa n'choti mkazi wake, amene poyamba ankawayankha, anayamba kungokhala chete. M'mawa wina mkaziyo anaima pakhomo la chipinda n'kulankhula osakweza mawu. "Bambo a ana, achimwene akuti nditenge ana tikakhale kwawo. Ngati mukudwala, ine sindichoka, ndikusamalani. Koma ngati mwangotopa nafe, nenani."

Ululu wosaoneka ungauike bwanji patebulo?

Dokotala wina wachinyamata ndi amene anamupatsa chiyembekezo. Anati mitsempha ya mu ubongo ili ngati timawaya, ndipo munthu akagwa timatha kudukira mkati pamene kunja kuli bwinobwino. Makina oyamba aja saona zimenezo, koma alipo ena amphamvu amene nthawi zina amaona. Mmisiri anamvetsa msanga, poti chingwe chodukira mkati ankachidziwa. Anadikira pamndandanda miyezi isanu, ndipo mkazi wake naye anavomera kudikira chithunzicho.

Tsiku litakwana anapita atatu, chifukwa alamu sakanalola kumva nkhaniyi kwa wina. Awiriwo anatsala pabenchi. Mmisiri analowa m'kachipinda kopanda windo, anavula lamba ndi mphete, n'kuvala mkanjo wa odwala womangira kumsana. Mayi wojambula anabwera ndi pepala la mafunso.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Kuwotcherera."

"Chitsulo chinakulowanipo m'diso?"

Mmisiri anaseka, koyamba m'chaka chonse. "Mayi, ndi wowotcherera uti amene sichinamulowepo? Timachotsa tokha."

Mayiyo sanaseke. Anamutumiza kukajambulitsa maso pa ekisileyi, ndipo patapita ola anamuonetsa kadontho koyera kuseri kwa diso lamanja, kochepa ngati kamchenga.

"Makinawa ndi maginito aakulu," anatero mayiyo. "Akhoza kukakoka kachitsuloka, n'kukung'ambani diso. Sindingakulowetseni."

"Ndiye kachotseni."

"Dokotala wa maso wakaona. Akuti kanakhazikika kalekale ndipo kali mkati kwambiri. Panopa disolo likuona bwino. Kukachotsa n'kuliika pachiswe."

Chitseko cha chipinda chachikulu chinali ndi galasi, ndipo makinawo mmisiri ankawaona, oyera, okhala ndi chibowo chonga paipi yaikulu. Panali mapazi asanu basi. Anadzimvera chisoni, nadzikwiyira. Akanangoyankha kuti ayi, bwenzi pano atagonamo. Chaka chonse ankatchedwa wabodza, ndipo lero chilungamo chake chomwe n'chimene chinamutsekera kunja.

Anavala pang'onopang'ono, n'kutuluka. Mayi wojambula anamutsatira kudzamupatsa khadi lake.

"Apezamo chiyani?" anafunsa mkazi wake ataimirira.

"Akuti ndili ndi chitsulo m'diso."

"Nanga m'mutumo?"

"Sanaonemo."

Alamu anasekera m'mphuno n'kuyamba kufufuza makiyi a galimoto m'thumba. "Chemwali, tiyeni. Ndinanena ine."

Mkaziyo anatola chikwama chake osamuyang'ana. Mmisiri anaona kuti mkaziyo akangofika pachipata banja latha, ndipo anachita mantha kuposa tsiku limene anagwa. Anatembenukira kwa mayi wojambula uja.

"Mayi, pepani. Nanga atalichotsa diso lonselo, mungandilowetse? Limodzi likwanira."

Sankanyoza ayi. Anafunsa mofatsa, mmene ankafunsira muyeso wa khomo, n'kudikira yankho. Mayiyo anangoyang'ana khadi lili m'manja mwake, kenako anayang'ana mkazi wa mmisiriyo.

Mkaziyo anaima, chikwama chili pachifuwa. Kenako anakhalanso pabenchi.

"Achimwene, tsogolani," anatero. "Ife tibwera pa basi."