Sutikesi imene ndinaikana ku Hewe

Achemwali anga anali mphunzitsi ku Bolero, ndipo anthu amene ankawaona m'mawa uliwonse akupita kusukulu ankaganiza kuti ali ndi kabati yodzaza zovala. Ine ndinkakhala nawo, ndiye zoona zake ndinkazidziwa. Zovala zawo zonse zotulukira zinkakwana mu sutikesi imodzi, malo n'kutsalamo.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Iwo boma linawatumiza kumpoto atangomaliza maphunziro a uphunzitsi, n'kukwatiwa konko ndi mwamuna wa ku Hewe. Ine ndinawatsatira nditalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ndi iwo amene anandikankhira kukoleji ku Mzuzu, komwe ndinatenga satifiketi ya zachitukuko cha m'midzi. Nditabwerako ndinakwatiwa ku Bolero komweko, nyumba zathu zoyandikana.

Mu sutikesimo munali siketi yakuda ndi ina ya buluu woderapo uja amati nevi, mabulauzi oyera, ina ya kirimu, diresi lotuwa lopanda kaluwa ngakhale kamodzi, juzi ya khofi ya nthawi yozizira, ndiye jekete ya nevi imene ankaikonda kuposa zonse. Chilichonse chinkayenda ndi chinzake. Lero bulauzi yoyera pa siketi yakuda, mawa yomweyo pa nevi jekete pamwamba, mkuja diresi ndi kampango m'khosi, munthu n'kuoneka wina. Tsiku la msika tikapita pa kaunjika ine ndinkathamangira zamaluwa ndi zonyezimira. Iwo ankayamba aifinya nsalu m'dzanja, n'kuisiya kuti aone ngati yakwinyika, kenako n'kutembenuza kuyang'ana msoko ndi m'khwapa. Nthawi zambiri ankabwerera chimanjamanja. Ndikanyamula changa ankangondifunsa kuti uchivala ndi chiyani, ndipo ndikatchula chinthu chimodzi chokha n'kukakamira pomwepo, ankati bweza. Ine sindinkabweza.

Zakuda ankachapa chotembenuza, osazikhula pamwala, n'kuziyanika pamthunzi kuseri kwa khitchini, ati dzuwa la ku Bolero limadya mtundu. Posita ankayala kansalu konyowa pamwamba kuti simbi ya makala isawalitse siketi kumbuyo. Akangofika kuchokera kusukulu, asanamwe ndi madzi omwe, ankavula, kukutumula fumbi la choko, kupachika, n'kumanga chitenje. Pa matola ankadzikulunga chitenje mpaka m'khosi, akatsika ali mbee ngati sanadutse mumsewu womwe tonse tadutsa. Ndinkawaseka kuti amalera jekete ngati khanda. Nthabwala imeneyi ndinaisiya nditazindikira kuti zaka zikupita, m'nyumba mwawo mwana sakubwera.

Anayamba kutsokomola ine ndili ndi pakati. Kuchipatala anachedwa kupita, ankangoti ndi choko. Pomwe ankapeza kuti ndi chifuwa chachikulu n'kuti thupi litatha kale. Mwana wanga anabadwa masiku asanakwane, kamtsikana kochepa moti ndinkaopa ndi kukasambitsa komwe. Achemwali anamuona kamodzi kokha, iwo ataima pabwalo, ine nditamunyamula pakhomo. Eni akewo ndiwo anakana kuyandikira. Achemwaliwo anamwalira mwanayo asanayambe kukhala pansi.

Ndinene mmene ndinalili masiku amenewo, osati kuti mundikhululukire, koma kuti mumvetse. Matewera, tizipewa, nsalu yoberekera, zonse ndinkawiritsa. Mlendo akabwera ndinkamupatsa madzi ndi sopo ndisanamupatse moni. Mwana akagona ndinkaika khutu pachifuwa pake kumvetsera, akatsokomola kamodzi ine ndamunyamula kale. Mwamuna wanga ankati nyumba yasanduka chipatala, kungotsala yunifolomu. Ndinkamva kuti akuseka, koma ine sizinkandiseketsa.

Popeza anawalowola, maliro tinakaika ku Hewe, kumudzi kwa alamu anga. Titaika, achibale tinatsalira masiku angapo monga mwa mwambo. M'mawa wina ndikuchokera kosamba, mwana ali kumbuyo, alamu anandikodola kuseri kwa chigafa chomwe amayanikamo fodya. Anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa.

"Mlamu, sutikesi ija ndabwera nayo, ili m'chipinda. Mawa ankhazi aitsegula kuti agawe. Inyamuleni lero yonse, ipite ndi inu. Akafunsa ndinena kuti mwini wake anasiya mawu."

Ankhazi ndi momwe amatchulira azakhali kumeneko, ndipo zogawa katundu wa malemu zinali m'manja mwa iwowo. Ndinafunsa alamu ngati achemwali anasiyadi mawu. Anati ayi, koma kodi zinkafunikanso kunena? Msinkhu wathu unali umodzi, ndipo iwo anakhala ndi mkazi wawo zaka zokwanira kudziwa kuti zovala zimene zija ukazimwaza zatha ntchito.

"Alamu, mwanayu ndi wofooka."

"Zonse n'zochapa, n'zosita. Mukuwadziwa achemwali anu. Chiyambire kugona sanazivalenso."

Zimenezo ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso, chifukwa kukoleji tinaphunzira, kuti matenda aja amayenda mumpweya munthu akatsokomola, sakhala munsalu yochapa. Koma m'mutu mwanga ndinkangoona tsaya la mwana litatsamira pa bulauzi yoyera, kamphuno kali munsalumo. Ndinati ndiganize kaye. Alamu anandiyang'ana, n'kuti chabwino mlamu, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti ndakana.

M'mawa mwake amayi a pamudzi anatenga zovala zonse kupita nazo kumtsinje. Zovala za malemu zimachapidwa kaye zisanagawidwe, kaya n'zoyera kale. Anazichapa ndi mtima wonse, kuzimenya pamwala mmene amachitira ndi zakumunda, n'kuziyala pa zitsamba dzuwa lili pamutu. Ndinaiona siketi yakuda ija itayalidwa chakumaso, osatembenuza. Miyendo inafuna kupita kuti ndikaitembenuze, ndiisunthire pamthunzi. Ndinafika pafupi ndithu, koma sindinaikhudze.

Madzulo anayala mphasa pabwalo, ankhazi n'kuyamba kuzisanja. Atamaliza anasuzumira mu sutikesi, n'kuitembenuza, n'kuigwedeza.

"Zomwezi? Aphunzitsi athunthu?"

Mayi wina anati sizingatheke, iye wakhala akuwaona kutchalitchi ku Bolero zaka zonsezi ndipo sanawaonepo atabwereza chovala. Msuweni wa alamu, mayi wapakamwa, anauza alamuwo kuti atulutse sutikesi inayo imene abisira mkazi watsopano. Anthu anaseka, koyamba chiikire maliro. Alamu anaseka nawo, maso ali kwa ine.

Kenako ankhazi anati, "Yamba ndiwe, mwana wane. Ndiwe mng'ono wake."

"Yewo, amama. Ine ayi."

Amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Ntchisi ndipo anakhala pafupi nane, ananditsina pantchafu. Ankhazi anafunsanso, mwina poganiza kuti Chichewa chawo sindinachimve, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Kumbuyo amayi ena ananong'onezana m'Chitumbuka. Ndinatolapo mawu ochepa: wina ankati ndi chisoni, musiyeni, wina ankati ana asukulu zovala za akufa amanyansidwa nazo.

Basi kugawa kunayamba. Amayi anga anatenga chitenje ndi duku, poti zinazo sizikanawakwana. Siketi yakuda inapita kwa mlongo wa alamu, ya nevi kwa msuweni uja. Mabulauzi anabalalika, ina uku ina uko. Diresi anapatsa mtsikana amene ankatungira achemwali madzi akudwala. Jekete inatsala pamphasa yokha, aliyense akuchita nayo manyazi, mpaka amayi anga ananena kuti ankhazi atenge, agwira ntchito. Sizinatenge nthawi. Zinthu zimene munthu anazisankha chimodzichimodzi kwa zaka, akubwerera chimanjamanja pamsika, zinatha madzi a tiyi asanawire.

Mwana anakula. Sindidziwa tsiku limene mantha anayamba kuchepa, koma ndikukumbuka nditamupeza pakhonde akunyambita nsapato ya bambo ake, ndipo sanadwale. Ananenepa, anayamba kuyenda, kudya dothi ngati ana ena onse. Mantha atachoka, pamalo pake panatsala poyera, ndipo m'pamene ndinayamba kuifuna sutikesi ija. Zithunzi ndili nazo mufoni, inde. Koma chithunzi sungachigwire msoko.

Nthawi ina anandiitana ku boma ku Rumphi kukayesedwa ntchito. Ndinakhuthulira zovala zanga zonse pabedi: maluwa ofiira, mizere yachikasu, zonyezimira zimene zinayamba kale kusupuka. Chilichonse chinkafuna kuoneka chokha, panalibe choyenda ndi chinzake. Ndinakabwereka bulauzi kwa mayi woyandikana naye nyumba, yothina m'khwapa, ndipo nthawi yonse yofunsidwa mafunso manja ndinawapanikiza m'nthiti. Ntchitoyo sindinaipeze. Sindikunena kuti chifukwa chake ndi bulauzi. Koma pobwerera, m'minibasi, ndinalira ngati uthenga wa maliro wangondipeza kumene.

Alamu sindinawafunsepo kanthu. Ndikanayamba bwanji? Chogawidwa chagawidwa, sukapita kukhomo kwa munthu kukati bwezani.

Chaka chotsatira, anthu atakolola ndi kugulitsa fodya, alamu anamanga chiliza, ndipo tinaitanidwa ku Hewe kukachiona. Inali nyengo ya mphepo. Ine ndinavala chitenje chatsopano ndi bulauzi ya maluwa, mwana kumbuyo. Tikuyandikira kumanda ndinaona siketi yakuda patsogolo panga, itawala kumbuyo chifukwa cha simbi, pamwamba pake pali tisheti yobiriwira. Ndisanapume ndinaona ya nevi, ataifupikitsa. Bulauzi ya kirimu inali pa mayi wina woyamwitsa, batani limodzi lofiira. Diresi lotuwa linali kutsogolo ndi a kwaya. Ndinamva pambuyo pake kuti anachita kupangana: aliyense amene analandira kanthu avale tsikulo, polemekeza malemu. Zovala zonse za achemwali zinabwera pamanda pawo. Mwa amayi onse apachibale, amene ndinalibe chovala chawo pathupi ndinali ine, mng'ono wawo wa bere limodzi.

Abusa akulalikira, ankhazi anadzakhala pafupi nane. Jekete ija anaivala pamwamba pa juzi, mabatani osakumana. M'mapewa inali itatuwa ndi dzuwa, kumanja kuli madontho akuda a utomoni wa fodya, thumba limodzi atalisoka ndi ulusi woyera. Ndinkayesetsa kuyang'ana kwa abusa, maso n'kumabwerera okha.

"Yakalamba, eti?" anandinong'oneza. "Nkhuyitemwa chomene, ndimaikonda kwambiri. Kutchalitchi ndi yomweyi, kosankha fodya m'mawa kukazizira ndi yomweyi. Mwini wake akanandikalipira."

Ndinati akanawakalipiradi, ndipo tinaseka chamumtima, mitu ili pansi.

Mphepo inakula. Mwana anali atagona kumbuyo, miyendo ili pamtunda, chifukwa shawelo ndinaiiwala pa matola. Ankhazi anamugwira phazi, n'kuti mwanayu wazizidwa. Sanandifunse. Anavula jekete n'kumufunditsa, kolala n'kufika patsaya pake.

Mantha aja ndinkati anatha anabwerera onse nthawi imodzi, dzanja linanyamuka lokha kuti lichotse. Ndinaligwira ndi linzake, n'kuliika pamwendo. Mwana anapukusa mutu, n'kukwirira mphuno munsalumo, n'kupitiriza tulo. Tinakhala choncho mpaka ulaliki unatha, nyimbo zinatha, nsalu inachotsedwa pachiliza. Ndinapendeketsa mutu kuti ndinunkhize kolala. Achemwali ankanunkhira sopo ndi makala a simbi. Jekete inkanunkha fodya ndi utsi wa m'khitchini mwa eni ake.

Pobalalika ndinaichotsa pamwana, n'kuikutumula, n'kuipinda chotembenuza, manja m'kati. Ndinaigwira nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Ndikuganiza kuti ndikanapempha akanandipatsa, ndipo ndikuganiza kuti iwonso anadikira kuti ndipemphe. Koma m'mawa wa ku Hewe ndi wozizira, ndipo ndinali nditaona juzi yawo mmene inabookera m'zigongono.

"Yewo chomene, amama."

"Yewo, mwana wane. Mwanayu umuveke, mphepo ya kuno si ya ku Bolero."

Anaivala pomwepo, n'kupita kukathandiza kugawa chakudya. Ife tinakwera matola dzuwa lisanapendeke. Mwana ndinamukulunga m'chitenje changa, ine n'kutsala ndi bulauzi ndi siketi basi, ndipo fumbi lonse la mumsewu linathera pa ine.