Matewera Atatu Pamwamba pa Akesedori

Mdzukulu wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, m'mwezi wa Junyu, nthawi imene ku Tsangano kuno udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Kanali kakang'ono, mwendo wake ngati chala changa. Mayi wake, mwana wanga wamkazi, anachira pochita kumung'amba pamimba, moti ngakhale kuwerama kunkamuvuta. Potitulutsa m'chipatala anamwino anabwereza katatu kuti mwanayu asazizidwe.

Mkamwini wanga amagwira ntchito ku Tete. Anatitumizira pa shapa, minibasi ya kumeneko, chipangizo chamagetsi chotenthetsa m'nyumba, eni ake amati akesedori. Chinali ndi timizere tiwiri tofiira ngati makala, koma chopanda utsi. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu, mbaula yanga n'kubwereketsa kwa mayi woyandikana nane, mnzanga wa kwaya.

Vuto linali matewera, sankauma. Nkhungu inkachoka masana, dzuwa lake longoonetsa nkhope. Ine ndinakulira pamoto wa nkhuni, ndipo chonyowa chilichonse timayanika pamoto. Ndiye m'mawa wina ndinafinya matewera atatu, kuwayala bwinobwino pamwamba pa akesedori, n'kutuluka kukatsuka mbale.

Ndinangomva phuu! Kenako mwana wanga akukuwa, "Amayi! Amayi, moto!"

Ndinalowa beseni la madzi lili m'manja. M'chipinda munali utsi wakuda, fungo la pulasitiki, thewera limodzi likuyaka lawilawi pafupi ndi mphasa ya khanda. Ndinakweza beseni lija.

"Musathire! Ndi magetsi amenewo, mufa!"

Ndinauma pomwepo. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona mwana wanga, ndi bala lakelo, akukwawa mpaka pakhoma n'kuzula chingwe. Pamenepo m'pamene nzeru zinabwerera. Ndinakokera matewera panja ndi mtengo wa tsache, n'kutsegula chitseko ndi zenera kuti utsi utuluke. Utsi unatulukadi, koma mphepo inalowa yonse.

Nditagwira timapazi ta khanda, tinali zii ngati mwala wa mumtsinje. Sikankalira. Bola kakanalira.

Mnzanga uja anafika akuthamanga, mbaula ili m'manja.

"Inu amayi, mwafuna kuwotcha mdzukulu ngati mbatata? Tsekani chitseko tikoleze makala."

"Ayi," anatero mwana wanga, mano akugundana. "Anamwino anati makala m'chipinda chotseka amapha ndi akulu omwe. Anati zikavuta tim'vule, timuike pachifuwa pa munthu, khungu ndi khungu."

"Kum'vula? Kukuzizira chonchi?" ndinafunsa.

"Amayi, chonde, musatsutse."

Iye sakanatha, bala linali litayamba kuchucha magazi pachitenje. Ndinayang'ana mnzanga, iye anabwerera m'mbuyo.

"Ine ayi, abambo alipo kunyumba. Mwanayu sanatuluke m'chikuta."

Kwathu kuno munthu amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna sagwira khanda lotere, amati lingadwale. Ine ndine wamasiye. Panalibe wina.

Ndinakavula tizovala tonse. Mtima unkandiuza kuti ndikukapha kachiwiri. Ndinakagoneka pakati pa mabere angawa, amene anauma kalekale, mnzanga n'kundimanga chitenje, pamwamba juzi ndi bulangete. Ana asanu ndinabereka kumbuyo, koma wa kutsogolo ndinali ndisanamuonepo.

Ndinafuna kupemphera, mawu anathawa. Ine amene ndimatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi lililonse! Chimene chinkatuluka n'chimodzi: "Ambuye, wolakwa ndine, osati iyeyu."

Mnzanga anakoleza mbaula pakhonde, anafunditsa madzi n'kuthira m'mabotolo, kuika kumapazi kwa mwana wanga. Anatumanso uthenga kwa wa njinga yamoto kuti akatenge anamwino adzaone bala. Ine ndinangokhala tsonga, osagwedezeka, ndikumvetsera kupuma kwa khanda ngati kwa mwanapiye. Nthawi zina kunkasowa, ine mtima phaa, kenako n'kubwerera.

Dzuwa litafika pachitseko ndinamva kaphazi kakundiponda panthiti. Kenako chinthu chofunda chinatsika pamimba panga mpaka m'chiuno.

"Wandikodzera," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe.

"Alemekezeke!" anakuwa mnzanga pakhonde. "Wakubwezerani, agogo owotcha anthu!"

Pomwepo kanalira, kulira kwenikweni kwaukali, kakufunafuna bere pamene panalibe kanthu. Tinamukhazika mayi wake motsamira khoma, ine n'kumugwirizira mwana kuti asakhudze bala. Kanayamwa mpaka thukuta linaoneka pamphuno.