Makandulo atatu ndi apongozi awiri

Ine ndinali mkamwini, ndipo amene sanakhalepo pachikamwini asandiuze kanthu. Mudzi umene ndinakwatirako, m'munsi mwa Phiri la Dedza, unali wa akazi anga ndi abale awo. Munda ndinkalima ine koma unali wa apongozi. Nyumba ndinamanga ndi manja angawa koma malo ake anali a apongozi. Nkhuku ikaikira pakhonde langa, dziralo linali la apongozi. Ngakhale mwana wanga weniweni, kamtsikana kamene kanatenga mphuno yanga yonse osasiyako, pakagwa nkhani kanali ka amalume ake. Zanga zinali chisoti, jekete lakale ndi chifuwa cha mwezi wa Juni.

Pamwamba pa zonsezo panali mwambo wopewana. Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankayankhulana. Tikakumana m'njira ine ndinkapatukira kutchire, kaya muli chisoso kaya minga, iwo n'kudutsa atafunda nsalu kumutu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinadziwa mawu awo ndi zidendene zawo basi. Akafuna kundituma ankauza akazi anga mokweza, ine ndili kuseri kwa khoma: "Uwauze anthu a m'nyumba muno kuti kwanga nkhuni zatha." Anthu a m'nyumba munowo ndinali ine ndekha.

Ntchito yanga inali yocheka matabwa m'nkhalango ya paini kuphiri. Tsiku lina akapitawo anandituma kukatula nkhuni kunyumba kwa mzungu amene ankayang'anira nkhalangoyo. Ndinapeza pabwalo pali tebulo, ana atavala zisoti zamapepala, ndipo pakati pa tebulo pali keke yobayidwa makandulo oyaka, dzuwa lili pamutu. Ndinafunsa wophika wa panyumbapo kuti kwagwanji.

"Akukumbukira tsiku limene mwana anabadwa," anatero.

"Anadwala n'kuchira?"

"Ayi."

"Nanga wachita chiyani?"

"Palibe. Anangobadwa basi."

Ndinaseka mpaka nkhuni zinagwa. Koma ndisanachoke ndinaona bambo wa mwanayo ataima kumbuyo kwake, manja ali pamapewa a mwana, mwanayo atatupitsa masaya kuzima makandulo. Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Mwana wathu woyamba, wamwamuna, anamwalira asanakwanitse zaka ziwiri, ine ndili kuphiri ndi macheka, ndipo uthenga unandipeza mochedwa. Wachiwiriyu, malinga ndi khadi lake la ubatizo, ankakwanitsa zaka zitatu mu Juni momwemo. Potsika phiri ndinali nditatsimikiza kale. Ndinkafuna chinthu chimodzi m'mudzi umenewo chikhale changa: kuima kumbuyo kwa mwana wanga, ndi kuona nkhope yake akuzima moto umene ndayatsa ine.

Nditawafotokozera akazi anga, anaika pansi lichero n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu atate ake, utuchi wakulowani m'mutu?"

"Azungu amachita."

"Azungu ali ndi shuga wa m'matumba. Ife tili ndi chiyani?"

Tinalibe kanthu, n'zoona. Msonkho ndinali nditangopereka kumene, ndipo m'kachitini kathu munatsala timakobiri tosalira n'komwe ukagwedeza. Komabe Loweruka ndinapita kuboma n'kugula kandulo imodzi, shuga wa m'kapepala ndi timasamba ta tiyi tokwana m'dzanja. Kanduloyo ndinaidula patatu ndi mpeni. Kachidutswa kapakati kanalibe chingwe choonekera, ndipo ndinakasema mosamala ngati ndikusema mpini, mpaka chingwe chinatuluka. Timakandulo tonse titatu tinali totalika ngati chala chachikulu.

Za keke akazi anga anati ndisawatopetse. Anati adzaphika chigumu cha mgaiwa ndi nthochi mumphika, makala pansi makala pamwamba, ndipo ngati mzungu wangayo akufuna china abwere adzaphike yekha. Zisoti ndinapanga ndi nyuzipepala zakale zimene ndinapempha kwa akapitawo. Chomatira ndinalibe, choncho ndinatapa utomoni wa paini, ndipo ndinadzitama kwambiri ndi nzeru imeneyi. Alendo tinagwirizana ana asanu okha, Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi. Kwathu phwando sankaitanira, fungo ndilo linkaitana, choncho ndinapempha akazi anga kuti chigumucho aphikire m'nyumba chitseko chili chotseka.

Zonse zitakonzeka, akazi anga anafunsa funso limene ndinkalizemba.

"Nanga amayi?"

Apa ndiye panali nkhani. Apongozi sakanalephera kubwera. Akanakhala pamphasa, mdzukulu wawo pamiyendo, ndipo mwini phwando ndikanakhala kutchire kumvetsera anthu akudya shuga wanga. Kuwauza kuti asabwere kunali kosatheka, poti ngakhale moni sindinkawapatsa.

Ndinaganiza masiku awiri ndikucheka matabwa. Apongozi anali ndi akulu awo amene anakwatiwa kutsidya kwa dambo, ulendo wa maola awiri, ndipo panalibe chimene apongozi ankakonda kuposa mowa wa masese wa akulu awowo. M'mudzi mwathu munalinso mayi wina wa pakamwa popepuka, amene ukamuuza chinsinsi m'mawa, masana chafika kumsika. Ndinakumana naye dala panjira ya kudimba.

"Musauze munthu," ndinatero chapansipansi, "koma ndamva kuti kutsidya afulula. Lamulungu kuli mowa, ndipo sakufuna anthu ambiri adziwe."

Dzuwa lisanalowe ndinamva apongozi akukalipa pabwalo pawo kuti mbale wako wa bere limodzi angafulule osakutumizira mawu. Akazi anga anandiyang'ana cham'mbali.

"Ine sindinamve ndipo sindinaone," anatero. "Zikakutembenukirani musanditchule."

Lamulungu m'mawa, chifunga chisanachoke, ndinasuzumira pazenera n'kuona zidendene zija zikulowera kudambo. Za tchalitchi apongozi analibe nazo ntchito. Ine ndinapita ku Misa ndi mtima woyera mbee, ndinaimba mokweza kuposa aliyense, ndipo bodza lija sindinalikumbuke ngakhale pang'ono.

Masana tinayala mphasa pabwalo. Tebulo linali thabwa lokhazika pamiyala iwiri. Ana asanu aja anafika khumi ndi mmodzi, ena atabereka azing'ono awo, chifukwa chigumu sichisunga chinsinsi ngakhale utseke chitseko. Zisoti zinali zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi ndinavala ine kuti ana aone kavalidwe kake. Mwana wanga anakhala pakati atavala kadiresi kake kamodzi komweko, akuyang'ana timakandulo titatu tili njo pachigumu. Ndinali nditamuphunzitsa sabata yonse kuti atate akayatsa, iye apemerere. Ndinatulutsa machesi m'thumba.

"Agogo akubwera," anatero mwana wina ngati akunena za mvula.

Cholakwa changa ndinachiona nthawi yomweyo. Ndinawerengera ulendo wopita, ndi kukhala, ndi kumwa mpaka madzulo. Sindinaganize kuti munthu akapeza kulibe mowa sakhala pansi. Ndipo sanabwere okha. Akulu awo anali pambuyo, ndodo m'manja, kudzafufuza amene akuwaipitsira mbiri kuti amafulula mobisa. Akulu a apongozi ndi apongozinso. Ndinkafuna kuchotsa mmodzi, ndinabweretsa awiri.

Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinayesa kuvula chisoti chija, koma utomoni unali utagwira tsitsi, ndipo ndinangochisiya. Nkhokwe zathu zinkakhala pamiyala, choncho ukawerama umaona mapazi a anthu a mbali inayo. Ndinaona mapazi anayi a fumbi ataima pafupi ndi mphasa. Zimene sindinaganize n'zakuti iwonso ankaona anga.

"Wamwalira ndani?" Awa anali mawu a apongozi.

"Palibe, amayi," anayankha akazi anga.

"Nanga makandulowa masanasana?"

"Mwanayu wakwanitsa zaka zitatu lero. Kandulo imodzi, chaka chimodzi."

"Nzeru za yani zimenezi?"

Akazi anga anasunga mawu awo aja, anachita ngati sanamve. Anayankha ndi apongozi aakulu aja.

"Za miyendo ili kuseri kwa nkhokweyo. Ndikuona ngati ndi miyendo yomweyo inafulula mowa kwanga."

Ana anaseka, osadziwa n'komwe chimene akuseka. Ine thukuta linatsika ngakhale kunkazizira. Amuna ena chikamwini chinawathera pa zinthu zazing'ono kuposa izi, kungopeza mphasa yawo ili panja. Ndinayamba kuganiza za njira ya kwathu ndi chimene ndikakauze amayi anga.

Kenaka mwana wanga anayamba kulira. Amake anathamangira kukatenga chikuni cha moto kuti ayatse iwo, nkhani ithe, koma mwanayo anaphimba chigumu ndi timanja take.

"Ayi. Atate ayatse."

"Atate ako atuluka, mwanawe."

"Ali apo. Atate ayatse."

Pamenepo mantha anandichoka, n'kubwera mkwiyo. Ndinakwiya ndi mwambo, ndinakwiya ndi nkhokwe, ndinakwiya ndi mzungu ndi keke yake, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Mwana wanga ankandiitana pamtunda wa mapazi khumi, machesi ali m'dzanja langa, ndipo ine, munthu wamkulu wa ndevu, ndinali nditanjuta kuseri kwa chimanga cha eni ake nyuzipepala ili kumutu. Misozi inalengeza m'maso, sindibisa.

Mbali inayo mwana ankasisimabe. Ndinaona mapazi a apongozi akusendera pafupi ndi thabwa lija.

"Zitatu," anatero, ngati akuyankhula okha. "Wa uja tikanayatsa imodzi."

Mwana wathu woyamba uja anamwalirira m'manja mwawo, ndipo chimwalirire ndinali ndisanawamvepo akumutchula.

Atatero anatsokomola, mawu awo a masiku onse n'kubwerera. "Khola la mbuzi la akulu angawa lilibe denga. Amene anandiyendetsa maola anayi pakhosi pouma akudziwa chochita Loweruka likubwerali." Kenaka anati, "Akulu, tiyeni tikhale apa tiyang'ane kuphiri. Kwa lero lokha."

"Ndayenda ulendo wonsewu kudzayang'ana phiri?"

"Khalani pansi, akulu."

Ndinamva nsalu zikukupizidwa, ndi mabondo a anthu okalamba akulira pokhala pansi. Apongozi anaitana mdzukulu wawo.

"Pukuta mamina. Pita ukaiuze nkhokweyo kuti agogo achoka."

Mwanayo anazungulira nkhokwe, anaima patsogolo panga, masaya ali onyowa, n'kunena mwaulemu wake wonse, akuyang'ana nkhokwe osati ine: "Akuti agogo achoka." Kenaka anandigwira chala n'kundikoka.

Ndinatuluka. Amayi awiri aja anali atakhala m'mphepete mwa mphasa, misana kwa ife, nsalu kumutu, ali phee. Sindinayambe ndawayandikirapo chotero apongozi. Anali aang'ono kuposa mmene mawu awo ankamvekera.

Mphepo ya ku Dedza sikondera phwando la munthu. Machesi oyamba anazima, achiwiri anazimanso. Ndinauza ana aime mondizungulira ngati mpanda, ndipo ndi achitatu timakandulo tonse tinayaka, tating'ono, tosaoneka bwino padzuwa. Ndinagwada kumbuyo kwa mwana wanga, manja pamapewa ake, n'kusuzumira cham'mbali kuti ndione nkhope. Maso anali atatuzuka, pakamwa yasa. Anakoka mpweya wonse wa m'mudzimo n'kupemerera. Malovu anatuluka ambiri kuposa mpweya, koma makandulo awiri anazima. Yachitatu, yapakati ija ndinasema ndi mpeni, inangowerama n'kudzukanso.

Ana anayamba phokoso, aliyense kulangiza zake. Mwanayo anapemereranso, osatheka, n'kusendeza nkhope pafupi. Ndinaona khosi la apongozi likugwedezeka pansi pa nsalu, likufuna kutembenuka, iwo akulikaniza.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa, maso ali kuphiri. "Wazimitsa?"

Akazi anga anali atatseka pakamwa ndi nsalu, kaya akuseka kaya akulira, ndipo sanathe kuyankha. Ana sanamve n'komwe. Apongozi anafunsanso, ndipo pakamwa panga panayankha pokha ndisanaganize.

"Yatsala imodzi, amayi."

Apongozi aakulu aja anatsonya. Akazi anga anachotsa nsalu pakamwa n'kundiyang'ana ngati ndaswa mtsuko wa eni. Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mawu anga oyamba kwa mayi amenewa anali atatuluka pamaso pa ana khumi ndi mmodzi. Ndinadikira kuti apongozi auze akazi anga chimene anthu a m'nyumba muno achite ndi katundu wawo.

Apongozi sanatembenuke. Sanaitane akazi anga, sanatumenso mwana.

"Mugwireni bwino, bambo," anatero. "Angapse tsitsi."