Phewa la Tisa pakhoma la kutauni

Ndine Esinati wa ku Chawama, zaka 74. Tisa mdzukulu wanga, lero chakwana chaka kuchokera pamene tinakuika. Ndikumbuka tsiku lina unabwera utamanga timabatani ta kompyuta m'zigongono ndi m'mawondo, n'kunena kuti, "Ambuya, ndikamavina, kompyuta imaphunzira thupi langa." Ine ndinati, "Vula, vinthu ivo sindivikhulupirira." Unangoseka.

Dzulo anzako ovina ananditengera ku chionetsero chawo kutauni. Nditakweza dzanja, chimunthu chowala chimene makina ankaonetsa pakhoma chinakwezanso. Kenaka chinagwetsa phewa lamanzere, monga unkachitira iwe potembenuka. Akuti chimangotsatira ine. Ine? Phewa langa linauma kalekale. Kodi anakusunga m'makinamo osatiuza?

Inu odziwa makina amenewa, ndiyankheni pansipa: mwana wanga akupumula, kapena akumuvinitsabe?